Mwezi Ukadumpha: Nanga Magaziwo Akupita Kuti?

M'midzi yambiri ya kuno kwathu, mayi safunika kulengeza kuti wapita kumwezi. Mchere ndiwo umaulula. Ndiwo zikatsala pang'ono kupsa, iye amaitana kamwana kamene kakusewera pabwalo kuti kadzathire mchere mumphika, poti mwambo umati mkazi amene akusamba akathira yekha, odya ndiwozo angadwale mdulo, umene ena amati tsempho. Apongozi ali khale pakhonde amaona zonsezi. Salankhula kanthu, koma masiku amawerenga.

Tsono ikatha miyezi itatu kapena inayi mtengwa akungothira yekha mchere, kamwana kaja osaitanidwa, manong'onong'o amayamba. Ena amati waima. Mimba ikapanda kuoneka, amati pali chimene akubisa. Mwiniwake naye mtima suli m'malo. Anabayitsa jakisoni wolera tsiku la sikelo, anamwino anatchulapo mothamanga kuti msambo ungasinthe, koma mzere unali wautali, mwana akulira kumsana, ndipo funso limene linali kukhosi linabwerera nalo kunyumba. Ndi funso lomwe anamwino ndi alangizi a zaumoyo amalimva kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa: "Nanga magaziwo akupita kuti?"

Sakupita kulikonse. Sakuunjikana m'mimba, sakuundana kukhala chotupa, sakukwera kumutu. Magaziwo sakukonzedwa n'komwe. Koma kuti yankho limeneli ligwire mtima wa munthu, pamafunika kufotokoza kumene msambo umayambira, ndipo kumeneko si m'chiuno ayi.

Woimba ng'oma ali kumutu

Pansi pa ubongo pali kachiwalo kochepa ngati kambewu ka nandolo, kamene achipatala amati pituitary. Kameneka ndiko kamaimba ng'oma. Timatumba ta mazira ndi chiberekero timangovina. Mwezi ndi mwezi kamatumiza mahomoni m'magazi olamula kuti dzira limodzi likhwime. Pamene dziralo likukhwima, homoni ya estrogen imachititsa chiberekero kuyala mphasa yofewa mkati mwake, kukonzekera mlendo. Dzira likatuluka, homoni ina yotchedwa progesterone imagwiriziza mphasa ija kwa masiku pafupifupi 14. Mlendo akapanda kufika, mahomoni amatsika, mphasa imayalulidwa n'kutayidwa. Umenewo ndiye msambo. Magazi enieni amene amatuluka, kwa amayi ambiri, sapitirira masipuni akuluakulu awiri kapena atatu, ngakhale pansalu amaoneka ngati ambiri.

Apa pali mfundo imene imamasula zambiri. Masiku a pakati pa kutuluka kwa dzira ndi kuyamba kwa msambo sasinthasintha kwenikweni. Amene amatalika kapena kufupika ndi masiku a dzira lisanatuluke. Choncho msambo ukachedwa ndi sabata, ndipo mimba palibe, kawirikawiri chimene chinachedwa ndi dzira, ndipo chinalichedwetsa chinachitika masabata awiri kapena atatu m'mbuyomo. Mwina anali malungo amene anamugoneka mayiyo. Mwina maliro a mbale, mayeso a MSCE, ngongole ya banki m'khonde, kapena njala ya mu February pamene nkhokwe yatha ndipo thupi latsika. Ubongo ukaona kuti nyengo si yabwino yolandira mlendo, umayamba waimitsa ng'oma.

N'chifukwa chake mankhwala ena amasenzetsedwa mlandu wosawakhudza. Mtsikana wadwala malungo, wamwa LA, msambo wachedwa: "LA wandimanga." Wina anamwa makapisozi a amoxicillin chifukwa cha zilonda za pakhosi, naye akuloza makapisozi. Palibe umboni woti mankhwala amenewa amaimitsa msambo. Wolakwa ndi matenda ndi kutentha kwa thupi kuja.

Ndipo masiku 28 amene ana amaloweza kusukulu si lamulo. Mkazi wamkulu amene amasamba pakatha masiku 21 mpaka 35 ali bwinobwino, ndipo kusiyana kwa masiku angapo mwezi ndi mwezi n'kwachibadwa. Kwa namwali amene wangotha msinkhu, zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira msambo umabwera mmene wafunira.

Jakisoni, mfumu ya nkhaniyi

Mankhwala amene amasinthadi msambo alipo, ndipo ku Malawi wamkulu wawo ndi jakisoni wolera. Boma linalola ntchito zotalikitsa nthawi pakati pa ana mu 1982, patapita zaka zambiri nkhani za kulera zili zoletsedwa. Pofika pa kafukufuku wa dziko lonse wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015 mpaka 2016, amayi 58 mwa 100 aliwonse apabanja anali pa njira zamakono zolera, ndipo 30 mwa 100 aliwonse anali pa jakisoni. Ndiye kuti pa nthawiyo, pa chitsime pakaima amayi khumi okwatiwa, atatu ankakhala ali ndi mankhwalawa m'thupi.

Jakisoni wa Depo-Provera amabayidwa pakatha masabata 13. Muli homoni yofanana ndi progesterone, yomwe imauza ubongo kuti usatumize lamulo lokhwimitsa dzira. Mphasa ya m'chiberekero nayo imayalidwa yopyapyala kwambiri, mpaka imafika poti palibenso choyalula. Miyezi yoyambirira ambiri amadontheza mosadziwika bwino, lero pang'ono, mawa ayi, sabata yamawa kwa masiku angapo. Pakatha chaka, pafupifupi theka la amayi a pa jakisoni amakhala atasiyiratu kusamba, ndipo chiwerengerocho chimakwera zaka zikamapita. Kwa mayi amene magazi amamuchepera m'thupi, ndipo oterewa ndi ambiri kuno, kusasambako n'kupumula.

Koma pamudzi sizimveka choncho. Anthu ambiri anakula akumva kuti msambo umachotsa zoipa m'thupi, ndiye ukaima, zoipazo zatsalira. Mayi akayamba kunenepa pang'ono, zimene jakisoni amachititsadi kwa ena, anzake amati, "Mwaona? Ndi magazi aja." Msana ukawawa chifukwa cha khasu, mlandu ndi wa magazi aja. Bambo kunyumba, amene mwina sanauzidwe n'komwe za jakisoni, amayamba mafunso akeake. Mapeto ake mayi amangosiya osabwereranso pa tsiku limene analemberedwa m'buku la kuchipatala, ndipo kusintha kwa msambo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amayi amatchula kwambiri akafunsidwa chimene anasiyira.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi amadandaula chomwe n'choona, ndipo achipatala amalakwa akachinyalanyaza. Jakisoni amachedwa kutha m'thupi. Mayi amene wasiya kuti atenge mimba angadikire miyezi yambiri msambo usanabwerere m'chimake. Pafupifupi theka amatenga mimba pofika miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ndipo ena amadikira mpaka chaka ndi theka. Si kuuma kwa chiberekero, ndipo kuchedwako sikudalira kuti munthu anabayitsa zaka zingati. Koma mkazi amene sanachenjezedwe, amene akuchimuna ayamba kale kufunsa za mwana wachiwiri, akafika mwezi wachisanu ndi chitatu wopanda kanthu amakhala atapita kale kwa asing'anga, ndipo amachenjeza wamng'ono wake aliyense kuti jakisoni amatseketsa kubereka. Mphindi ziwiri za kufotokoza pa tsiku loyamba zikanapulumutsa zonsezo. Vuto ndi loti namwino mmodzi amakhala ndi khamu pakhonde, ndipo mphindi ziwirizo zimasowa.

Sayana Press, kajakisoni kamene mayi amatha kudzibaya yekha pamimba kapena pantchafu, kali ndi mankhwala omwewo, ochepa pang'ono: mamiligalamu 104 m'malo mwa 150. Kafukufuku amene anachitika ku Mangochi, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2018, anapeza kuti amayi odzibaya okha kunyumba ankapitiriza kulera kwa chaka chonse kuposa oyenda mtunda kukabayitsa. Ulendo unachepa, koma msambo umasintha chimodzimodzi.

Njira zina zili ndi khalidwe lawolawo. Timachubu ta pamkono, Jadelle ya zaka 5 ndi Implanon ya zaka 3, sitidziwika bwino: wina amasiya kusamba, wina amadontheza masabata, wina saona kusintha. Lupu ya kopa ilibe mahomoni, siichedwetsa msambo, m'malo mwake imauchulukitsa miyezi yoyamba. Mapiritsi a tsiku ndi tsiku amauchepetsa, ndipo magazi amene amabwera pa sabata ya mapiritsi 7 a mtundu wina aja amangobwera chifukwa homoni yaimitsidwa. Mwezi wina angalephere kubwera popanda cholakwika, malinga ngati palibe piritsi limene linaiwalika.

M'matauni ndi m'mahositelo a makoleji nkhani ndi mapiritsi olera a pangozi, monga Postinor-2. Ntchito yawo yeniyeni ndi kuchedwetsa dzira kuti lisakumane ndi umuna, choncho sizodabwitsa kuti msambo wotsatira umafulumira kapena kuchedwa ndi masiku angapo. Sachotsa mimba imene yakhazikika kale. Amagwira bwino akamwedwa msanga, makamaka maola 72 asanathe. Mtsikana amene wawamwa kawiri kapena katatu m'mwezi umodzi amasokoneza kalendala yake moti sangadziwenso ngati magazi amene akuona ndi msambo kapena ayi. Msambo ukachedwa kupitirira masiku 7 atamwa mapiritsiwa, ayezetse.

Mkaka wopanda mwana

Mayi aliyense woyamwitsa amadziwa kuti msambo umachedwa kubwerera. Imene imachita zimenezi ndi prolactin, homoni yopanga mkaka, yomwe ikachuluka imatontholetsa ng'oma ija. N'chifukwa chake kuyamwitsa mwakathithi kumatengedwa ngati njira yolera, bola mwana asanakwanitse miyezi 6, akuyamwa usana ndi usiku popanda chakudya china, ndipo mayi asanayambenso kusamba.

Chimene ambiri sadziwa n'choti pali mankhwala amene amakweza prolactin mwa mkazi amene sanaberekepo. Otchuka ndi a matenda a maganizo: chlorpromazine, haloperidol ndi risperidone, omwe amagwiritsidwa ntchito pa chipatala cha Zomba Mental, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso m'zipatala za m'maboma. Mankhwalawa amatsekereza dopamine mu ubongo kuti munthu asiye kumva mawu kapena kuona zinthu zomwe palibe. Koma dopamine yemweyo ndi amene amaletsa prolactin kuchuluka. Akatsekerezedwa, prolactin imakwera, msambo umaima, ndipo nthawi zina mawere amatulutsa mkaka. Metoclopramide, woletsa kusanza, amachitanso zomwezo akamwedwa nthawi yaitali.

Mtsikana wa zaka 22 amene wangotuluka kuchipatala, amene mudzi ukumuyang'ana kale ndi diso lina, akayamba kunyowetsa bulauzi ndi mkaka pamene alibe mwana ndipo sakusamba, anthu amanena zambiri: wachotsa mimba, wina anamugwirira, amulodza. Abale ena amangomulanda mankhwala. Apa ndi pamene pamagona ngozi yeniyeni, chifukwa kusiya mankhwala a maganizo mwadzidzidzi kumabweretsanso matenda aja, nthawi zina moposa poyamba. Adokotala amatha kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu, koma sangasinthe chimene sanauzidwe, ndipo mtsikana wamanyazi sayamba yekha nkhani ya kumwezi pamaso pa dokotala wamwamuna. Ayeneranso kudziwa kuti kusasamba chifukwa cha mankhwalawa si kulera. Dzira lingathe kutuluka mwezi uliwonse mosachenjeza.

Kwa odwala khunyu, sodium valproate amadziwika kuti amasokoneza msambo ndi kunenepetsa, komanso amavulaza mwana m'mimba, choncho mkazi amene ali pa mankhwalawa akadumpha mwezi sayenera kudikira kuti aone mmene zithere. Prednisolone ndi dexamethasone, omwe ena amagula okha pofuna kunenepa kapena kuziziritsa nyamakazi, amasokonezanso msambo akamwedwa kwa nthawi yaitali. Mankhwala ena a khansa amauimitsa, mwa atsikana kwa kanthawi, mwa amayi oyandikira zaka 40 nthawi zina mpaka kalekale.

Pamene mankhwala awiri alimbana

Pali msampha wina woopsa chifukwa umabwera chakumbuyo. Mayi ali ndi kachubu pamkono, msambo waima, iye akuti ndi kachubuko. Mimba ikudzaoneka ili ndi miyezi inayi.

Chiwindi ndicho chimaphwanya mankhwala m'thupi, ndipo pali mankhwala ena amene amachifulumizitsa moti chimaphwanya homoni yolera isanagwire ntchito mokwanira. Rifampicin, mmodzi mwa mankhwala a TB amene amamwedwa miyezi 6, ndi wotero. Carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin a khunyu ndi otero. Efavirenz, amene anali mu 5A yomwe anthu ambiri a pa ma ARV anamwa kwa zaka, ndi woteronso: kafukufuku wina wa ku Uganda, wosindikizidwa mu 2016, anapeza kuti mwa amayi 20 amene anali pa efavirenz ndiponso ndi timachubu ta levonorgestrel pamkono, atatu anatenga mimba chaka chisanathe. Kuyambira mu 2019 dziko la Malawi linasamutsira anthu ambiri ku 13A, momwe muli dolutegravir, amene salimbana ndi njira zolera. Koma rifampicin ndi mankhwala a khunyu adakalipo, ndipo amafooketsa mapiritsi ndi timachubu. Jakisoni ndi lupu sizifooka nawo.

Vuto limakula chifukwa zitseko n'zosiyana. Wa TB ali ndi khomo lake, wa kulera lake, wa khunyu ali ndi tsiku lake pamwezi. Chimene chimalumikiza onsewa ndi buku la kuchipatala lija, ndipo amayi ena amakhala ndi mabuku awiri, lina lobisa kuti bambo asaone tsamba la kulera.

TB ndi HIV zikafooketsa thupi, pazokha zimaimitsa msambo. Munthu akayamba mankhwala, thupi n'kubwerera, msambo umabwereranso, ndipo mphamvu yobereka imabwerera nawo limodzi, nthawi zambiri mwiniwake asanaganizeko za kulera.

Katemera wa COVID-19 atafika m'dziko muno mu March 2021, mphekesera yoti amatseketsa kubereka inayenda pa WhatsApp kuposa katemera weniweniyo. Amayi ena ananenadi kuti msambo wawo unasuntha, ndipo sanali kunama. Gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi Dr Alison Edelman wa ku Oregon Health & Science University ku America linaunika kalendala ya amayi pafupifupi 4,000 ndipo mu 2022 linalengeza kuti katemera ankatalikitsa masiku a pakati pa misambo ndi nthawi yosakwana tsiku limodzi, kenako zinthu n'kubwerera mwakale. Kanthu kochepa, koma poti palibe anachenjezeratu, mabodza anapeza pokhala.

Amayi ena amachedwetsa msambo dala. Norethisterone, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Primolut N, amalembedwa ndi madokotala kwa amayi amene akufuna kuti msambo usawapeze pa ulendo wa Hajj ku Makkah kapena pa tsiku la ukwati. Amayamba kumwedwa patatsala masiku atatu, ndipo msambo umabwera patatha masiku awiri kapena atatu atasiyidwa. Akamwedwa motere si njira yolera, ndipo sayenera aliyense, makamaka amene anadwalapo matenda a kuundana kwa magazi m'mitsempha.

Otsegula msambo

Mantha a mwezi wodumpha ali ndi msika wawo. Pali ogulitsa zitsamba "zotsuka m'mimba," pali mnzako amene amadziwa kuti ukamwa makapisozi angapo nthawi imodzi "zimatseguka," pali mapiritsi oyendera m'zikwama za m'minibasi opanda ngakhale pepala, ngakhale lamulo limapereka mphamvu ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority kuti iziyang'anira malonda onse a mankhwala. Mawu oti "kutsegula msambo" amaphimba zinthu ziwiri. Wina alibe mimba n'komwe, dzira linangochedwa, ndipo akuwononga chiwindi ndi impso pachabe. Wina ali nayo ndipo akudziwa. Malamulo a dziko lino amaletsa kuchotsa mimba kupatula pa zifukwa zochepa, monga kupulumutsa moyo wa mayi, komabe kafukufuku wa College of Medicine ndi Guttmacher Institute anayerekeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa ku Malawi, zambiri mobisa. Mawodi a amayi m'zipatala zikuluzikulu amadziwa mapeto ake. Amene wayamba kutaya magazi kapena kutentha thupi pambuyo pa zoterezi ali ndi ufulu wolandira chithandizo kuchipatala, ndipo amene amafika mochedwa nthawi zambiri anachedwa chifukwa cha mantha.

Pali mtundu umodzi wa kuchedwa kwa msambo umene sudikira kuti kuche. Mwezi wadumpha, kenako kupweteka kobaya mbali imodzi ya chinena, timagazi takuda todontha, chizungulire, mwina kupweteka kwa phewa kapena kukomoka. Imeneyi ingakhale mimba yomera mu chubu m'malo mwa m'chiberekero. Chubu likaphulika, magazi amatayikira mkati mosaoneka ndipo munthu angafe m'maola ochepa. Zimachitika ngakhale kwa amene ali ndi lupu kapena anatseketsa.

Kunja kwa zimenezo, njira ndi yosavuta. Choyamba ndi kuyeza mimba, kaya munthu ali pa mankhwala anji. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapezeka m'zipatala, ku Banja La Mtsogolo ndi m'masitolo ogulitsa mankhwala, ndipo kamaonetsa bwino ndi mkodzo woyamba wa m'mawa kuyambira tsiku limene msambo unayenera kuyamba. Kakakana koma msambo osabwerabe, ndi bwino kubwereza pakatha sabata. Miyezi itatu ikatha popanda msambo, popanda mimba, popanda jakisoni kapena kuyamwitsa, pafunika kuunika zina: chithokomiro, vuto la timatumba ta mazira lotchedwa PCOS lomwe limabwera ndi ziphuphu, ndevu ndi kunenepa, kapena kusiya kusamba, kumene kwa ambiri kumafika pakati pa zaka 45 ndi 55. Amene ali kutali ndi chipatala angayambe ndi kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yomwe inayambira ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse.

Popita kukaonana ndi achipatala, mapaketi a mankhwala onse apite nawo, a kuchipatala, a pagolosale ndi a kwa asing'anga omwe. Ndipo funso loyamba lidzakhala lomwe lija limene limagonjetsa amayi ambiri: "Munasamba liti komaliza, mayi?" Mayankho amabwera mwa mtundu wawo. Sabata imene tinkakolola mtedza. Kutangotha maliro a kwa amfumu. Tsiku la msika lija kunagwa mvula. Namwino amatenga kalendala ya pakhoma, yolandira kwa ogulitsa feteleza, awiriwo n'kuyamba kubwerera m'mbuyo sabata ndi sabata, kufunafuna kuti mtedza unakololedwa liti chaka chino.